Bisirani mudzi, koma musabisire mzamba

Senderani pafupi abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Ndikudziwa kuti ena mwasiya zigubu pamzere ku mjigo, ena mwasiya nyemba pamoto, choncho sindikusungani nthawi yaitali.

Ine ndine mzamba wa pa chipatala chathu chino, ndipo ambiri a inu tinaonanapo kale, ena masana ku sikelo, ena pakati pa usiku ku chipinda chochilira. Lero ndabwera ndi pempho limodzi. Mukaphonya mwezi, bwerani ku sikelo. Musadikire kuti mimba ioneke, musadikire kuti mwana ayambe kugunda m'mimba. Bwerani miyezi itatu yoyamba isanathe.

Ndikuona agogo ena akupukusa mutu, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti mimba yaing'ono sailengeza. Ena amaopa anthu oipa mtima kuti angaimange. Ena amaopa manyazi, kuti ikapita padera mudzi wonse udziwa. Muno mu kampu nyumba n'zothithikana, ukatsokomola woyandikana naye amamva, ndiye munthu amafuna kukhala ndi chinsinsi chimodzi chakechake. Sindikunyoza zimenezi. Inenso mimba yanga yoyamba ndinawabisira apongozi anga mpaka chitenje chitayamba kukana. Bisirani mudzi ngati mukufuna, palibe cholakwika. Koma mzamba si mudzi. Zimene mwandiuza m'chipinda muja zimathera momwemo, ndi lamulo la ntchito yathu.

Ndikuuzeni za mayi wina amene sindimutchula dzina. Anaphonya miyezi iwiri, osauza munthu, ngakhale mwamuna wake. Anayamba kumva kupweteka m'munsi mwa mimba mbali imodzi, ndi timagazi todontha pang'onopang'ono. Iye anati ndi msambo umene wachedwa, nagula mapiritsi opha ululu pa okala. Tsiku lina m'mawa akusesa pakhomo anachita chizungulire n'kugwa. Pamene ankafika naye kwa ife pa njinga, zikhatho zake zinali zoyera ngati pepala, thupi lozizira. Mwamuna wake tikumufunsa ngati mkazi wake ali ndi pakati, anati ayi, poti sankadziwa. Titayeza mkodzo tinapeza kuti mimba ilipo, koma sinakhale m'chiberekero. Inakhala m'kanjira kamene dzira limadutsamo, ndipo kanjirako kanaphulika, magazi akutayikira m'kati. Tinathamanga naye ku chipatala chachikulu, anamuchita opaleshoni, anamuika magazi, ndipo anapulumuka. Lero ali ndi mwana wina. Koma akanabwera tsiku loyamba limene anamva ululu uja, n'kunena kuti waphonya miyezi iwiri, sakanafika pakamwa pa manda. Chakudza sichiimba ng'oma, amayi.

Mwina mukufunsa kuti miyezi itatu yoyambayi ili ndi chiyani, popeza mimba sikuoneka n'komwe. Ife timawerenga mimba m'masabata, kuyambira tsiku loyamba la msambo wanu womaliza, ndipo yonse imatenga masabata pafupifupi 40. Choncho tsiku limenelo muzilisunga, lembani pa kalendala, pa khoma kapena mu foni. Pofika sabata lachisanu ndi chimodzi, kamtima ka mwana kamakhala katayamba kugunda, ndipo msana ndi ubongo zimakhala zikuumbika. Nthawi imeneyo inu mwangophonya mwezi umodzi, mwina mukukayikirabe. Pofika masabata 12, mwana amakhala wamtali ngati chala chanu, koma ali ndi manja, miyendo ndi ziwalo zonse zikuluzikulu. Miyezi yotsatirayo ndi yokula ndi kukhwima. Ndiye onani: nthawi imene timabisa mimba ndi yomwenso mwana akuumbidwa. Chimene mwamwa, chimene mwasowa m'thupi, matenda amene mwadwala m'masabata amenewa, zimamufika iye asanalimbe.

N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2016 linalangiza kuti mayi woyembekezera azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba uzikhala m'kati mwa masabata 12 oyamba. Kale tinkati kanayi. Amayi amene munabereka kalekale, musadabwe kuona apongozi anu aang'ono akubwera kawirikawiri, si ulesi wothawa ntchito za pakhomo.

Ena amaopa kubwera chifukwa sadziwa zimene tikawachite. Ndikuuzeni zonse. Timayeza mkodzo kuti titsimikize kuti mimba ilipodi. Timakufunsani za mimba zam'mbuyo, ngati munapitapo padera, ngati munachira ndi opaleshoni, ngati munataya magazi ambiri. Timakukwezani pa sikelo, timayeza kuthamanga kwa magazi, timaona ngati magazi ndi okwanira m'thupi. Timatenga magazi pang'ono pa chala kuyeza HIV ndi chindoko. Timaona ngati mukufunika katemera wa kafumbata. Timakupatsani mapiritsi owonjezera magazi ndi neti, n'kukuuzani tsiku lobweranso. Ngati pali mwayi wa sikani, ndi bwino kuti ichitike masabata 24 asanakwane, kuti tidziwe msinkhu weniweni wa mimba komanso ngati muli mapasa. Mulibe buku la kuchipatala chifukwa linatsala kwanu pothawa? Bwerani, tiyamba latsopano. Mulibe mwamuna woti akuperekezeni? Bwerani nokha, tikulandirani.

Za chindoko ndiime pang'ono. Munthu akhoza kukhala nacho zaka, osamva kanthu, koma chimapititsa padera, chimapha mwana m'mimba, kapena mwana amabadwa wodwala. Mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini, ndipo akabayidwa msanga mwana amapulumuka. Bambo nayenso ayenera kulandira, apo ayi adzakupatsiraninso. Za HIV, kuyambira 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachilomboka, osadikira kuti adwale, ndipo mayiko ambiri anatengera njira imeneyi. Mayi amene wayamba mankhwala msanga n'kumamwa mokhulupirika, kachilombo kamachepa kwambiri m'magazi, ndipo mwayi woti mwana abadwe wopanda kachilombo umakhala waukulu zedi. Amene muli kale pa ma ARV, musasiye chifukwa cha mimba kapena nseru. Chimodzimodzi inu amene mumamwa mankhwala a khunyu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a matenda a maganizo: musasiye nokha, komanso musangopitiriza osatiuza. Bwerani nawo m'manja, chifukwa ena timawasintha mayi akakhala ndi pakati.

Tsopano mapiritsi owonjezera magazi aja, amene ndimawapeza atatayidwa kuseri kwa chipatala. Inde, ndimawaona. M'piritsi limenelo muli zinthu ziwiri. Muli ayironi, amene amapanga magazi, chifukwa mimba imafuna magazi ochuluka kuposa nthawi zonse, ndipo mayi wochepa magazi akataya ngakhale pang'ono pochira moyo wake umakhala pa chiswe. Mulinso foliki asidi, amene amathandiza kuti msana ndi ubongo wa mwana zitsekeke bwino, ndipo ntchito imeneyi imachitika m'masabata oyambirira enieni. Mukayamba kumwa pa miyezi isanu, magazi awonjezereka, koma za msana wa mwana nthawi yapita. Amene mukufuna kutenga mimba, funsani foliki asidi musanaime n'komwe. Mapiritsiwa amadetsa chimbudzi, ena amadzimbidwa, ena amachita nseru. Si poopsa. Imwani limodzi tsiku lililonse mutadya, kapena pokagona, ndipo muzimwa madzi ambiri. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Sakulitsa mwana mpaka kuvuta kubadwa monga ena amanenera.

Za chakudya ndiyankhula mosamala, chifukwa ndikudziwa mmene zinthu zilili muno. Sindingaime pano n'kumakuuzani kuti muzidya nyama tsiku lililonse pamene thandizo limene timalandira silifika kumapeto kwa mwezi. Tiyeni tione zimene zingatheke. Nyemba, nandolo, khobwe ndi soya zimamanga thupi. Usipa ndi matemba, ngakhale a kamulu kamodzi, mukadya ndi mitu ndi minga yomwe, ndi chakudya champhamvu. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa ndi chigwada zimathandiza magazi, ndipo zambiri mwa izi zimamera ngakhale m'thumba la dothi pakhomo. Musaziphike mpaka kuda, ndipo chepetsani soda. Mukathira nsinjiro ndiye mwawonjezera mphamvu. Gwafa, malambe, mango kapena ndimu mukadya pamodzi ndi chakudya, zimathandiza thupi kutenga ayironi. Mchere ukhale wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, amene ubongo wa mwana umafuna. Ndipo dzira, agogo, silimeta mwana mpala. Mwana wobadwa wopanda tsitsi akanabadwa choncho ngakhale mayi ake akanapanda kuona nkhuku. Dzira lophika bwino ndi limodzi mwa zakudya zabwino zotsika mtengo. M'nyumba zambiri mayi amagawira onse n'kudya zotsala mumphika. Pa nthawi ino mbale yake iyambe kuikidwa padera. Ngati chakudya chikusowa kwenikweni, tiuzeni, tikuyezani mkono n'kuona thandizo limene lilipo.

Amene mukulakalaka dothi la pachulu kapena la khoma, nthawi zambiri chimenecho ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi. Dothi limabweretsa njoka zam'mimba, zimene zimachepetsanso magazi omwewo. Bwerani tikuyezeni. Mankhwala a njoka timapereka miyezi itatu yoyamba ikadutsa.

Nseru ndi kusanza m'mawa ndi za masiku ano oyamba, ndipo kwa ambiri zimatha mimba ikamalowa mwezi wachinayi. Idyani pang'onopang'ono koma kawirikawiri, musakhale ndi njala nthawi yaitali. Kanthu kouma musanadzuke, monga chimanga chokazinga kapena mbatata yootcha, kamathandiza. Madzi a jinja amathandizanso ena. Koma ngati mukusanza chilichonse, ngakhale madzi osakhala m'mimba, mkodzo wachepa ndipo wada, imeneyo si nseru wamba, bwerani. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini, osungidwa m'chigubu chotseka, ndipo sambani m'manja ndi sopo pochokera ku chimbudzi. Tonse tikukumbukira kolera amene anavuta m'Malawi mu 2022 ndi 2023. Mayi wapakati akatsekula m'mimba amafooka msanga, ndipo mwana amavutika naye limodzi.

Malungo ndi mdani wamkulu wa mimba. Mayi akaima, chitetezo chake ku malungo chimatsika, makamaka pa mimba yoyamba. Tizilombo ta malungo timakabisala pamalo pamene mwana amalandirira chakudya kuchokera kwa mayi, moti mayi akhoza kumayenda bwinobwino pamene magazi ake akutha ndipo mwana sakukula. Mapiritsi a SP, amene ambiri mumawatchula kuti Fansidar, timayamba kupereka mimba ikakwana masabata 13, kenako mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu. Amene amamwa Bactrim tsiku ndi tsiku sitiwapatsa SP. Ndiye taonani: m'miyezi itatu yoyamba mulibe mankhwala okutetezani, chitetezo chanu ndi neti basi. Igwiritseni ntchito usiku uliwonse, ngakhale kukutentha, ngakhale simukumva udzudzu. Si yotchingira dimba kapena anapiye. Mukamva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya, bwerani tsiku lomwelo mudzayezetse, ndipo nenani kuti muli ndi pakati musanalandire mankhwala.

Pamenepa ndafika pa mankhwala ogula. Safunsa anadya phula. Mapiritsi a pa okala ndi a pamsika, monga aspirin, Brufen, Indocid ndi makapisozi osiyanasiyana, ena mwa iwo ndi oopsa kwa mwana amene akuumbidwa. Musamwe otsala a mnzanu chifukwa choti matenda akufanana. Mutu ukavuta, Panado ndiye amene timalola, pa muyeso umene takuuzani, koma kutentha thupi musakuphimbe ndi Panado osayezetsa. Za mankhwala azitsamba, ndimalemekeza makolo athu, koma muzu ulibe muyeso, ndipo ina imafinya chiberekero. Mimba siifunika kuilimbitsa ndi zomwa. Mowa wamtundu uliwonse, kachasu, masese kapena wa m'botolo, umafika kwa mwana ndipo umawononga ubongo wake. Palibe muyeso umene tinganene kuti uwu ndi wabwino. Thobwa likhale lotsekemera, losasasa. Fodya, wosuta ngakhale wofwenkha, musiyeni, ndipo abambo osuta kasutireni panja. Mbaula musagone nayo m'nyumba yotseka, utsi wa makala umapha mwakachetechete. Phikirani pamalo podutsa mphepo. Kupopera mankhwala m'dimba kapena kuthira mankhwala a anankafumbwe m'chimanga, apatseni ena achite.

Tsopano mvetserani bwino zizindikiro izi, ndipo amene muli ndi anzanu osamva Chichewa mukawafotokozere. Kutuluka magazi kumaliseche, ngakhale ochepa. Kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, makamaka mbali imodzi. Chizungulire chachikulu kapena kukomoka. Kutentha thupi. Kusanza kosalekeza. Kupweteka pokodza, kapena chikazi chonunkha. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kusaona bwino, kapena kukomoka kogwedezeka ngati khunyu. Kupuma movutikira, kapena kufooka mpaka kulephera kudzuka. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, nyamukani. Usiku ndi usiku, musadikire kuche, musadikire bambo abwere ku ganyu. Mukafika musakhale pamzere mwakachetechete, uzani wogwira ntchito woyamba amene mwamuona kuti muli ndi pakati ndipo mukutaya magazi. Ndipo lero lomwe ganizani: zitachitika usiku, adzandiperekeza ndani, ana ndidzawasiyira ndani, njinga tidzaipeza kuti? Ichi n'chifukwa china chouzira munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kaya ndi mwamuna wanu, mchemwali wanu kapena mnzanu wa kumpingo. Mutu umodzi susenza denga.

Pali amayi pano amene munapitapo padera, ndipo mwina palibe amene anakupepesani. Pa mimba khumi zilizonse zodziwika, imodzi kapena ziwiri zimachoka zokha, zambiri m'miyezi itatu yoyamba, ndipo kawirikawiri chifukwa chake n'choti mbewuyo sinaumbike bwino kuyambira pachiyambi. Si chifukwa choti munasenza chigubu, si chifukwa choti munakangana ndi woyandikana naye, si chifukwa choti munauza mzamba. Musadziimbe mlandu, ndipo apongozi musaloze chala. Ambiri amene anapita padera amadzabereka bwinobwino. Koma zikachitika bwerani, chifukwa zotsalira m'chiberekero zimayambitsa kutaya magazi ndi mafinya.

Ndiyankhulenso ndi amene mimba siinabwere mwa kufuna kwanu. Mwina ndiwe mtsikana wa pa sukulu, ukuopa makolo. Mwina wina anakugwiririra pa njira pothawa nkhondo, potola nkhuni, kapena popita ku chimbudzi usiku. Mwanawe, si iwe wolakwa. Usalowetse kamtengo, usamwe sopo wochapira kapena mapiritsi ambirimbiri. Ndaona atsikana akutaya chiberekero, ena moyo, chifukwa cha zimenezi. Bwera tikhale pansi awiri, tikambirane. Ngati wachita kale kanthu ndipo ukutaya magazi kapena thupi latentha, thamanga, ntchito yathu ndi kukupulumutsa, osati kukuweruza. Ndipo aliyense adziwe kuti munthu akagwiriridwa ayenera kufika ku chipatala masiku atatu asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, komanso pali mankhwala oletsa kuti mimba isakhale. Amene mukumenyedwa m'nyumba, nkhanza sizitha chifukwa cha mimba, nthawi zina zimakula. Tiuzeni, tikulumikizani mwachinsinsi ndi anzathu oona za chitetezo.

Abambo, ndinati nkhaniyi ndi yanunso. Mkazi wanu akamagona masana mimba isanaoneke, si ulesi, thupi lake likugwira ntchito imene inu simuiona. Ntchito wamba za pakhomo sizichotsa mimba, ndipo kuyenda n'kwabwino, koma kutopa n'kwenikweni. Nyamulani chigubu, kaimeni pamzere wa thandizo, pachikani neti. Bwerani naye ku sikelo mudzayezetse limodzi. Kukhala malo amodzi sikuvulaza mwana ngati palibe magazi kapena ululu, koma matenda otengedwa kunja pa nthawi imeneyi amafika kwa mwana mosavuta, choncho khalani okhulupirika kapena gwiritsani ntchito kondomu. Ndipo akakuuzani usiku kuti akutaya magazi, musayambe ndi mafunso, yambani ndi kufuna njinga.

Agogo ndi anamkungwi, atsikanawa amakumverani kuposa mmene amandimverera ine. Ndinu oyamba kuzindikira kuti mwana uyu wayamba kusankha ndiwo. Mukaona, musungireni chinsinsi monga mwa mwambo, koma mugwireni dzanja mubwere naye.

Ambirife tinafika kuno titasiya nyumba, minda ndi abale amene akanatisamalira pa nthawi ngati iyi. Zimenezo sindingakubwezereni. Koma ndili ndi kachipangizo koyezera mkodzo, mapiritsi, neti ndi chitseko chotseka. Ngati pano pali wina amene akuwerenga masiku mumtima mwake, musakweze dzanja, musayang'ane mnzanu. Mawa m'mawa mudzangobwera ngati mukudwala mutu, n'kunena kuti mukufuna kuonana ndi mzamba. Zotsalazo tidzakambirana m'kati.

Amene muli ndi mafunso, ndikhala pompano kanthawi.